Mayeso a GED ndi njira zina za wachinyamata wotsalira pa sekondale ku America

GED ndi mayeso amene munthu yemwe sanamalize sekondale ku America amalemba kuti apatsidwe satifiketi yomwe boma limaitenga ngati yofanana ndi ya sekondale. Dzinali ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti General Educational Development. Mayesowa amalembedwanso kunja kwa America, kuphatikizapo ku South Africa, komwe mabanja ambiri a ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota ali ndi ana ndi abale awo. N'chifukwa chake taona kuti ndi bwino tifotokoze komwe mayesowa anachokera, momwe amalembedwera, makomo omwe satifiketi yake imatsegula ndi omwe siitsegula.

Mfundo yomwe tikufuna makolo aigwire ndi iyi: GED ndi mwayi weniweni kwa munthu amene njira ya m'kalasi inamutsekekera kale. Koma mwana amene akadali ndi nthawi yomaliza sukulu, akasiya kalasi n'kuthamangira mayesowa, amataya zambiri kuposa zomwe amapeza.

Kutsalira pa makirediti n'kutani?

Kuno kwathu mawu akuti kirediti timawadziwa pa mayeso a MSCE, pomwe 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, ndipo 9 ndi kulephera. Ku America mawuwa ali ndi tanthauzo lina. Sekondale yawo ndi ya zaka zinayi, kuyambira giredi 9 mpaka giredi 12, ndipo kulibe mayeso amodzi a dziko lonse ngati a MANEB. Mwana amachita kusonkhanitsa makirediti pang'onopang'ono. Akaphunzira phunziro limodzi chaka chathunthu n'kukhoza, amapeza kirediti imodzi. Akaphunzira theka la chaka, amapeza theka. Muyezowu unayamba mu 1906 ndi bungwe la Carnegie Foundation, lomwe linati kirediti imodzi ikhale maola 120 a m'kalasi.

Chigawo chilichonse cha dzikolo chimaika chiwerengero chake. Ku New York amafuna makirediti 22, ku Texas osachepera 22, ku Florida 24. Makireditiwo ayeneranso kukhala a maphunziro oikika monga Chingerezi, masamu, sayansi ndi mbiri ya dziko. Akakwana, sukulu imapereka satifiketi yomwe kumeneko amaitcha dipuloma ya sekondale.

Mwana akalephera phunziro, kawirikawiri sabwereza kalasi yonse ngati kuno. Amangotsala ndi ngongole ya phunziro limenelo. Vuto ndi lakuti ngongolezi zimaunjikana. Wachinyamata wa zaka 17 amene anayenera kukhala ndi makirediti 17 kapena 18 akhoza kupezeka ali ndi 9 okha, anzake atatsala ndi chaka chimodzi kuti amalize. Zomwe zimachititsa ndi zomwezi timazidziwa kale: kujomba, matenda, mimba, kusamuka pafupipafupi, kugwira ntchito pothandiza pakhomo, kapena kufika kuchokera kudziko lina Chingerezi chisanakhazikike. Akatswiri a pa University of Chicago anapeza kuti chaka choyamba ndicho chimanena zambiri: mwana amene wamaliza giredi 9 ali ndi makirediti asanu, osalephera kuposa theka limodzi la phunziro lofunika, amakhala ndi mwayi waukulu womaliza sekondale poyerekeza ndi amene watsalira chaka chimenecho.

Njira zomwe zimathera ku dipuloma yeniyeni

Mwana wotsalira asanaganize za GED, pali njira zingapo zomwe zimam'fikitsa ku dipuloma yofanana ndi ya anzake.

Yoyamba ndi kubweza makirediti otayika. Mwana amabwereza phunziro lomwe analephera lokhalo, nthawi ya tchuthi chachikulu cha June mpaka August, madzulo akaweruka, kapena pa kompyuta. Njirayi ndi yachangu koma imafuna maso a makolo, chifukwa sukulu zina zimapereka makirediti mwana asanaphunzire kanthu. Mu 2017 zinaululika kuti pa sukulu ya Ballou mumzinda wa Washington ana ambiri anapatsidwa madipuloma atajomba miyezi yambiri, ndipo kafukufuku wotsatira anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu aliwonse amene anamaliza m'sukulu za boma za mumzindawo chaka chimenecho anadutsa malamulo ataphwanyidwa.

Yachiwiri ndi kuwonjezera chaka. M'zigawo zambiri lamulo limalola wophunzira kukhalabe pa sukulu ya boma mwaulere mpaka zaka 20 kapena 21. Chomwe chimavuta apa ndi manyazi okhala m'kalasi ndi ana ang'ono, osati lamulo.

Yachitatu ndi sukulu zapadera za otsalira. Mzinda wa New York uli ndi sukulu zing'onozing'ono zotere, komanso malo ophunzirira madzulo otchedwa Young Adult Borough Centers, olandira achinyamata a zaka 17 ndi theka mpaka 21 amene ali kale ndi makirediti 17. Pulogalamu ya Gateway to College, yomwe inayamba mu 2000 pa Portland Community College, imatenga otsalira n'kumawaphunzitsa pa koleji, mwakuti amamaliza sekondale uku akuyamba kale maphunziro a koleji.

Yachinayi imaphatikiza ziwiri. Ku Missouri kuli dongosolo lotchedwa Missouri Option: wachinyamata wa zaka 17 kapena kuposerapo amene watsalira ndi chaka chathunthu amakhalabe wolembedwa pa sukulu yake, amakonzekera mayeso ofanana ndi sekondale, ndipo akakhoza n'kukwaniritsa zina zomwe chigawocho chimafuna amalandira dipuloma ya sukuluyo.

Komwe GED inachokera

Mayeso a GED anayamba mu 1942, nkhondo yachiwiri yapadziko lonse ili mkati. Anyamata ambiri anapita kunkhondo asanamalize sekondale, ndipo panafunika njira yoti akabwerako asonyeze zomwe akudziwa popanda kubwerera pa desiki. Bungwe la American Council on Education ndi lomwe linapatsidwa udindo woyang'anira mayesowa. Mu 1947 chigawo cha New York chinakhala choyamba kulola anthu wamba kulemba nawo, ndipo zigawo zina zinatsatira.

Tiyenera kuona bwino kuti mayesowa anapangidwira anthu akuluakulu amene moyo unawaphunzitsa kale kupirira ndi kusunga nthawi. Sanapangidwire mwana wa zaka 16 amene watopa ndi sukulu.

Mayesowa anakonzedwanso mu 1978, 1988, 2002 ndi 2014. Mu 2011 American Council on Education inagwirizana ndi kampani ya Pearson kuti aziyendetsa limodzi. Kusintha kwa 2014 kunali kwakukulu: mayeso anayamba kulembedwa pa kompyuta, anavuta kuposa kale, ndipo mtengo unakwera. Zigawo zina zinasankha mayeso ena, HiSET ndi TASC. TASC inatha kumapeto kwa 2021. Dziko la Canada, lomwe linagwiritsa ntchito GED zaka zambiri, linasiya mu 2024 n'kuyambitsa mayeso akeake.

Momwe mayeso a GED alili

Pali mapepala anayi, ndipo munthu akhoza kulemba limodzilimodzi pa masiku osiyana.

Pepala la Chingerezi ndi la mphindi 150. Muli kuwerenga nkhani n'kuyankha mafunso, malamulo a chilankhulo, ndi chimangirizo cha mphindi 45 pomwe wolemba amawerenga mbali ziwiri za mtsutso n'kufotokoza yomwe ili ndi umboni wamphamvu.

Pepala la masamu ndi la mphindi 115. Mafunso oyambirira amayankhidwa popanda makina owerengetsera, otsalawo makina amaloledwa. Gawo lalikulu ndi algebra.

Pepala la sayansi ndi la mphindi 90, ndipo limafuna kwambiri luso lowerenga matebulo, magirafu ndi zotsatira za kafukufuku.

Pepala la Social Studies ndi la mphindi 70. Theka la mafunso limakhudza boma ndi malamulo a dziko la America, ndipo gawo linanso ndi mbiri ya dzikolo. Mwana amene anaphunzira ku Malawi kapena ku South Africa ayenera kuphunzira zinthu zimenezi kuyambira pachiyambi.

Zonse pamodzi ndi maola pafupifupi asanu ndi awiri. Malikisi amayambira pa 100 kulekezera pa 200. Kuti munthu akhoze ayenera kupeza 145 pa pepala lililonse palokha. Malikisi ambiri a pepala lina sakwirira pepala lomwe walephera. Poyamba malire anali 150, koma anatsitsidwa mu 2016. Wopeza 165 mpaka 174 amatengedwa kuti ndi wokonzeka kuyamba koleji, ndipo wopeza 175 kupita m'mwamba makoleji ena amamukhululukira maphunziro ena oyambirira. M'zigawo zambiri wolephera amaloledwa kubwereza kawiri popanda kudikira, kenako amadikira masiku 60. Palinso mayeso oyeserera otchedwa GED Ready, omwe amasonyeza ngati munthu wakonzeka. Kuyambira mu 2020 n'zotheka kulembera kunyumba pa intaneti, woyang'anira akuona kudzera pa kamera.

Satifiketi imaperekedwa ndi chigawo chomwe munthu walembera. Olemba ali kunja kwa America amalandira yochokera ku ofesi ya maphunziro ya mzinda wa Washington.

HiSET

HiSET inayamba mu 2014 ndi bungwe la ETS, ndipo pano imayendetsedwa ndi kampani ya PSI. Ili ndi mapepala asanu chifukwa kuwerenga ndi kulemba anazipatula. Pepala lililonse limachongedwa pa malikisi 20. Wokhoza ayenera kupeza 8 pa lililonse, 45 pa onse pamodzi, ndi 2 pa 6 pa chimangirizo. Kusiyana kwake kwakukulu ndi GED ndi kwakuti m'malo ambiri imalembedwanso papepala, zomwe zimathandiza munthu wosazolowera kompyuta. Zigawo zina zimalola mayeso onse awiri, zina amodzi okha.

Zaka zoyenera kulemba

Palibe amene amaloledwa kulemba asanakwane zaka 16, ndipo kupatula m'madongosolo ngati la ku Missouri, wolemba asakhale wolembedwa pa sekondale iliyonse. Zigawo zambiri zimafuna zaka 18. Wa zaka 16 kapena 17 amafunika kalata yosonyeza kuti anasiya sukulu mwalamulo, chilolezo cha makolo, ndipo kwina umboni woti anakhoza mayeso oyeserera. Apa ndi pomwe makolo ayenera kudekha. Siginecha ya kholo pa kalata yotulutsa mwana ikhoza kutseka zina mwa njira zinayi zomwe tafotokoza pamwambapa, ndipo kubwereranso kumavuta.

Malo okonzekeretsa achinyamata

Makoleji a m'madera, malaibulale ndi malo ophunzitsira akuluakulu amakhala ndi makalasi okonzekera mayesowa, ambiri aulere kapena otsika mtengo chifukwa boma limathandizapo. Palinso mapulogalamu omwe amaphatikiza mayeso ndi ntchito zamanja.

Job Corps inayamba mu 1964, nthawi ya pulezidenti Lyndon Johnson, kuti achinyamata ochokera m'mabanja osauka azigonera pamalo, kuphunzira luso ndi kumaliza sekondale. YouthBuild inayamba mu 1978 ku East Harlem mumzinda wa New York motsogozedwa ndi Dorothy Stoneman. Achinyamata amagawa nthawi pakati pa kalasi ndi kumanga nyumba za anthu ovutika. National Guard Youth ChalleNGe inayamba mu 1993. Imatenga achinyamata a zaka 16 mpaka 18 kwa masabata 22 pamalo a mwambo wonga wa usilikali, kenako aliyense amakhala ndi munthu wamkulu womuyang'anira kwa chaka chathunthu.

Mapulogalamu atatuwa akufanana pa chinthu chimodzi: samupatsa mwana buku n'kumusiya yekha. Amamupatsa nthawi yodzuka, anzake, ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi wamkulu womufunsa akasowa.

Kodi satifiketiyi ndi yofananadi ndi dipuloma?

Pamaso pa lamulo, m'zambiri inde. Makoleji ambiri a ku America amailandira, olemba ntchito ambiri amaivomera, ndipo nzika ya dzikolo ikhoza kupempha nayo thandizo la boma la fizi ya koleji.

Koma pa moyo weniweni kusiyana kulipo. James Heckman wa pa University of Chicago, amene analandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2000, anafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri, kuyambira ndi kafukufuku yemwe anatulutsa mu 1993 ndi Stephen Cameron. Anapeza kuti okhoza GED ali ndi nzeru za mayeso zofanana ndi omaliza sekondale amene sanapite ku koleji, koma pa malipiro ndi pa kukhalitsa pantchito amayandikira kwambiri osiya sukulu anzeru zofanana nawo. Chifukwa chomwe anapereka ndi chakuti mayeso a maola asanu ndi awiri amayeza zomwe munthu akudziwa, pomwe zaka zinayi za m'kalasi zimayeza ndi kuumba khalidwe: kufika tsiku ndi tsiku, kumaliza ntchito yotopetsa, kumvana ndi anthu. Iye ndi anzake anapezanso kuti komwe mayesowa anafewetsedwa kwa ana a sukulu, osiya sukulu anachuluka, ndiponso kuti ambiri olowa koleji ndi GED amasiya asanamalize.

Asilikali a ku America anaona zomwezo. Amaika olembetsa m'magulu: wa dipuloma ali m'gulu loyamba, wa GED m'gulu lachiwiri lomwe malo ake ndi ochepa, chifukwa a gulu limeneli ambiri amasiya asanamalize nthawi yomwe anasainira.

Mbali ina iliponso. John Tyler, Richard Murnane ndi John Willett anapeza kuti GED imakweza malipiro a anthu amene anasiya sukulu luso lawo lili lochepa. Ndipo amene amaitenga ngati poyambira, n'kupitiriza mpaka kumaliza koleji kapena maphunziro a luso, amapindula. Phindu la satifiketiyi lili pa chomwe munthu achite nayo akailandira.

Palinso lamulo lomwe likukhudza ife a kunja mwachindunji. Mpikisano wa Green Card wotchedwa DV lottery umafuna kuti wolowa akhale womaliza zaka 12 za pulayimale ndi sekondale kapena wodziwa ntchito yovomerezeka, ndipo malamulo ake amanena poyera kuti GED siilandiridwa m'malo mwa sekondale.

Kwa mabanja omwe ali ku South Africa

Ku South Africa kuli makampani omwe amaphunzitsa GED pa intaneti, ndipo imakopa chifukwa ikhoza kutha m'miyezi yochepa. Tidziwe kuti GED si matric. Kumeneko imatengedwa ngati satifiketi yakunja. Bungwe loyeza masatifiketi akunja ndi SAQA, pomwe za kulowa digiri ku yunivesite zimadutsa ku Universities South Africa, ndipo kaimidwe ka mabungwewa pa GED kakhala kakusintha. Musanalipire kalikonse, funsani koleji yomwe mwana akufuna kukaphunzira, ndipo yankho likhale lolembedwa. Mawu a wogulitsa maphunziro si umboni. Paja safunsa anadya phula.

Dzikolo lili ndi njira zakezake. Second Chance Matric Programme, yomwe unduna wa maphunziro unayambitsa mu 2016, imathandiza obwereza matric. Wa zaka 21 kupita m'mwamba amene anamaliza giredi 9 akhoza kulemba Senior Certificate ya akuluakulu. Makoleji a TVET amalandira omaliza giredi 9 pa maphunziro a NC(V).

Kwa mwana amene ali kuno kumudzi

Ku Malawi tilibe mayeso apadera ofanana ndi GED, ndipo pamenepa tili ndi mwayi: wotsalira akabwerera amalemba MSCE yomweyo ya MANEB, ndipo satifiketi yake siisiyana ndi ya wina aliyense. Akhoza kulowa sukulu ya open, yomwe imaphunzitsa masana m'makalasi a sekondale za boma ana ena akaweruka. Akhoza kugwiritsa ntchito mabuku a Malawi College of Distance Education ya ku Blantyre, yomwe inayamba mu 1965 ndi dzina lakuti Malawi Correspondence College. Akhozanso kulembetsa mayeso ngati wophunzira wapadera n'kukonza maphunziro omwe sanachite bwino. Mtsikana amene anasiya chifukwa cha mimba ali ndi ufulu wobwerera pasukulu, malinga ndi ndondomeko yomwe boma linakhazikitsa mu 1993. Mayunivesite a boma amafuna makirediti asanu ndi imodzi a MSCE kuphatikizapo Chingerezi. Choncho mwana amene tsogolo lake lili kuno, njira yake yowongoka ndi MSCE.

Chenjezo pa masatifiketi achinyengo

GED siigulidwa. Imapezeka polemba mayeso pamalo ovomerezeka kapena pa intaneti woyang'anira akuona, munthu atalembetsa yekha pa tsamba la eni mayeso. Aliyense wolonjeza pa Facebook kapena WhatsApp kuti akupezerani satifiketi popanda mayeso, kapena kuti akulemberani, akufuna kukuberani. Makoleji amatsimikiza zotsatira kwa eni mayeso, ndipo pepala labodza limagwidwa.

Mafunso oti banja lifunse lisanasankhe

Choyamba, mwanayu watsala ndi makirediti angati, ndipo watsala ndi zaka zingati kuti lamulo limutulutse pasukulu? Mlangizi wa pasukulu ali ndi ziwerengerozi, pemphani azilembe. Ngati nthawi ikukwana, dipuloma ndiyo yoyamba.

Chachiwiri, chinamutsalitsa n'chiyani? Ngati ndi kujomba, kusintha mayeso sikuchiza kujombako. Ngati ndi kuvutika kuwerenga, GED imuvuta kwambiri, pakuti mapepala onse anayi amafuna kuwerenga kwambiri.

Chachitatu, akakhoza apita kuti? Dzina la koleji, la luso kapena la ntchito lidziwike mayeso asanalembedwe, ndipo malowo atsimikize kuti satifiketiyo amailandira.

Chachinayi, ndani azimuyang'anira tsiku ndi tsiku? Amalume, azakhali, mchimwene wake kapena mphunzitsi, pakhale munthu mmodzi wodziwika amene aziona kuti buku latsegulidwa lero.

Wachinyamata wa zaka 19 amene ali ndi makirediti ochepa, ntchito ndi mwana wolera, GED kapena HiSET ikhoza kukhala njira yabwino koposa, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Wa zaka 16 amene watsalira ndi maphunziro atatu, tim'bweze m'kalasi, tikakhale pansi ndi aphunzitsi ake, tiwerenge zomwe zatsala.